Kalata yotseguka kwa Nduna ya za Nyumba ku America: agogo amene anatuluka m'nyumba zija anapita kuti?

Olemekezeka a Nduna ya za Nyumba ndi Chitukuko cha Mizinda, a Komishonala a FHA, nthambi ya undunawu yoika inshuwalansi pa ngongole za nyumba, ndi inu aphungu a m'makomiti a Senate ndi House amene mumagawa ndalama za undunawu,

Ndine mayi wochokera ku Malawi. Ndakhala kumpoto kwa Indiana zaka zoposa 25, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ndimawasambitsa, ndimawaphikira, ndimawakumbutsa mankhwala, ndipo maso awo akayamba kuchita chidima ndimawawerengera makalata. Zowerenga makalatazi sizinalembedwe pa pepala langa la ntchito, koma ndi zimene zandiphunzitsa nkhani imene ndabwera nayo. Ndalemba m'Chichewa dala. Anzanga amene tinatsika ndege kuno tili anyamata ndi atsikana lero imvi zili mbuu, ambiri tinagula nyumba, ndipo timapepala tokopa anthu ku ngongole ya reverse mortgage tayamba kugwa m'mabokosi athu a makalata. Ndikufuna amve nawo. Mwana wanga adzaitembenuzira m'Chingerezi kuti ifike pa tebulo lanu.

Pempho langa ndi limodzi. Ikani padera ndalama zokwanira, za zaka zingapo zotsatizana, zoti akatswiri oima paokha afufuze zimene zimawachitikira okalamba amene anatenga ngongole ya reverse mortgage, kuyambira tsiku limene anasayina mpaka patapita zaka ngongoleyo itatsekedwa.

Ndifotokoze kaye kwa abale amene sanakumane nayo. Ngongole ya nyumba yachizolowezi mukuidziwa: banki imakugulira nyumba, iwe n'kumabweza mwezi ndi mwezi mpaka itatha. Iyi anaitembenuza. Munthu amene wakwanitsa zaka 62, ndipo nyumba yake anamaliza kulipira kapena watsala pang'ono, amaiika ngati chikole, kampani n'kumupatsa ndalama. Angathe kutenga zochuluka nthawi imodzi, kulandira mwezi ndi mwezi ngati penshoni, kapena kuzisiya kuti azitapako akafuna. Mwezi ukatha sabweza kanthu. Chiwongoladzanja chimangosanjikizana pamwamba, ngongole n'kumakula chaka ndi chaka, gawo lake la nyumba n'kumanka lichepa. Imadzabwezedwa mwiniwake akamwalira, akagulitsa nyumbayo, kapena akasamuka. Yofala kwambiri ndi ya HECM, imene inu a boma mumaiikira inshuwalansi kudzera ku FHA. Nyumba ikagulitsidwa pa mtengo wosafika pa ngongole, ana safunsidwa zotsalazo, thumba la FHA ndi limene limalipira. Anawo akafuna kuisunga nyumbayo, amalipira ngongole yonse kapena 95 peresenti ya mtengo wa nyumbayo, malinga n'chimene chachepa pa ziwirizi.

Wa kwathu akangomva za ngongole yokula yokha, aganiza za katapila. Kufanizira kumeneko n'kolakwika, chifukwa wa katapila amagogoda pakhomo mwezi ukangotha ndipo sakhululuka ngakhale tambala. Msampha wa iyi uli pena. Wobwereka ayenera kupitiriza kulipira msonkho wa malo, inshuwalansi ya nyumba, ndi kukonza zowonongeka, ndiponso ayenera kukhala m'nyumbamo ngati kwawo kwenikweni. Akalephera chimodzi mwa izi, ngongole yonse imaitanidwa, ndipo nyumba ingathe kulandidwa mwiniwake ali moyo. Akagonekedwa kunyumba yosamalira odwala miyezi yoposa 12 yotsatizana, chimodzimodzi.

Ndisanadandaule, ndiulule kuti inenso ndinadyako ndalama za ngongoleyi. Mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, mayi wopanda mwana, anandilipira zaka zinayi ndi ndalama zimene ankatapa pang'onopang'ono m'nyumba yake. Medicare, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba, salipira munthu wonga ine wokusambitsa ndi kukuphikira kwa zaka, ndipo penshoni yawo sinkakwana. Popanda ngongoleyo akanagulitsa nyumba n'kukathera m'chipinda cha anthu awiri kumalo osungirako okalamba. Anamwalira pa bedi lawo, zenera loyang'ana mtengo umene anabzala okha lili lotsekula. Amene amati ngongoleyi ndi umbava basi sanawaone mayi amenewo.

Koma ndinaonanso ena. Bambo wina amene ndinkamusamalira anabwera kuno kuchokera kummwera kwa America ali mnyamata, nagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ya Studebaker isanatsekedwe mu 1963, kenako m'mafakitale ena mpaka msana unakana. Mu 2009 denga linkadontha ndipo ngongole za kuchipatala zinali zitawunjikana. Akazi awo anali ndi zaka 61, kupereweza chaka chimodzi. Wogulitsa ngongole anawauza kuti mayi angochotsa dzina lawo pa chikalata cha nyumba, bambo asayine okha, ndipo ndalama zituluka zambiri popeza bambo ndi achikulire. Anawatsimikizira kuti dzina adzalibwezeretsa mtsogolo. Bambo anamwalira mu 2012. Maluwa a pamaliro asanafote, kalata inabwera, ndipo ndi ine amene ndinaiwerenga mokweza pa tebulo la kukhitchini. Inkati wobwereka wamwalira, ngongole ibwezedwe. Mayi aja anandifunsa kuti, "Nanga ine ndine ndani m'nyumba muno?" Anali atakhalamo zaka pafupifupi 40.

Kwathu timadziwa bwino za kulanda katundu wa amasiye, moti mu 2011 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye limene limati kuchita zimenezo ndi mlandu. Kumeneko olanda amakhala alamu, amabwera ndi lole. Sindinkayembekeza kuti ndidzaona namfedwa akutulutsidwa m'nyumba ku America ndi envelopu yokhala ndi chidindo.

Ine ndikudziwa kumene mayi aja anapita, chifukwa tinkaimbirana foni. Anakakhala m'chipinda chapansi cha nyumba ya mdzukulu wawo mumzinda wina, kutali ndi tchalitchi chawo, kutali ndi dokotala amene ankawadziwa. Masitepe a kumeneko anawagwetsa, chiuno chinathyoka, ndipo miyezi yawo yomaliza inalipiridwa ndi Medicaid, thandizo la boma la kuchipatala la anthu osauka. M'mabuku anu, a Nduna, muli nambala ya ngongole ija, tsiku limene inatsekedwa, ndi ndalama zimene FHA inalipira. Mayiwo mulibemo. Ndalama zimene boma lomwelo linawononga kuchipatala chifukwa cha kugwa kuja zili m'buku la unduna wina, ndipo mabuku awiriwa saonana.

Mbiri ya ngongoleyi mukuidziwa kuposa ine, ndingoikhudza. Yoyamba imanenedwa kuti inaperekedwa mu 1961 ku Portland, Maine, ndipo n'zochititsa chidwi kuti inapatsidwa kwa mkazi wamasiye kuti asachoke m'nyumba yake. Pulezidenti Ronald Reagan anasayina lamulo lobweretsa HECM mu 1988, yoyamba inatuluka mu 1989, ndipo mu 1998 inasiya kukhala yoyeserera. Mu 2009, chuma chitagwa, ngongole pafupifupi 115,000 zinaperekedwa m'chaka chimodzi. Mabanki akuluakulu monga Wells Fargo ndi Bank of America anatulukamo mu 2011. Mu 2012 bungwe loteteza ogula pa nkhani za ndalama la CFPB linauza Congress kuti obwereka pafupifupi 70 pa 100 aliwonse ankatenga ndalama zonse nthawi imodzi, ndiponso kuti pofika February chaka chimenecho, 9.4 peresenti ya obwereka anali pa chiopsezo cholandidwa nyumba chifukwa cha msonkho ndi inshuwalansi. Mu 2013 FHA inatapa madola 1.7 biliyoni ku Treasury, mosungira chuma cha boma, koyamba chikhazikitsidwireni mu 1934, ndipo mbali yaikulu ya dzenjelo inakumbidwa ndi ngongole zimenezi.

Thumba litayamba kudontha, munathamanga. M'chaka chomwecho cha 2013 Congress inapatsa undunawu mphamvu zosintha malamulo mwachangu, ndipo munaika malire akuti m'chaka choyamba munthu asatenge zoposa 60 peresenti ya zimene wapatsidwa, pokhapokha ngati pali ngongole yakale yofunika kuithetsa. Mu April 2015 munayamba kuyeza kaye ngati wobwereka angakwanitse msonkho ndi inshuwalansi, ndipo amene akukayikitsa mumamusungira ndalama padera zolipirira zimenezo. Mu October 2017 munachepetsanso ndalama zimene munthu angabwereke. Za amasiye zinatenga njira ina. Panafunika kuti bungwe loimira okalamba la AARP lipite kukhoti mu 2011 m'malo mwa amasiye, khoti ligamule mu 2013 pa mlandu wa Bennett v. Donovan kuti malamulo a undunawu akusemphana ndi lamulo la dziko, ndiye kenako chitetezo cha mkazi kapena mwamuna amene sanasayine nawo chinayamba pa ngongole za kuyambira pa 4 August 2014. Za ngongole zakale munatsegula njira mu 2015. Mayi aja anali atasamuka kale.

Sindikunena kuti muli ndi mtima wouma. Ndikuona kuti munthu amathamangira chimene akuchiona. Chaka chilichonse, mu November, FHA imapereka lipoti ku Congress la mmene thumba la inshuwalansi lilili, ndipo akatswiri a masamu olembedwa ntchito kuchokera kunja amaliwerengera mpaka kadola komaliza. Tikudziwa kuti mu 2018 mbali ya HECM inali pansi penipeni pa ziro, ndipo mu 2021 inatulukira pamwamba mitengo ya nyumba itakwera. Dola iliyonse ili ndi mlonda wake. Mlonda wa anthu ndi amene sanalembedwe ntchito.

Umboni wake suchokera kwa ine. Mu 2019 ofesi ya GAO, imene imafufuza ntchito za boma m'malo mwa Congress, inaunika ngongole za HECM zimene zinatsekedwa kuyambira 2014 mpaka 2018. Inapeza kuti zotsekedwa chifukwa wobwereka walephera kukwaniritsa pangano zinakwera kuchoka pa 2 peresenti kufika pa 18 peresenti. Inapezanso chinthu chimene ndinachiwerenga kawiri osakhulupirira: pa ngongole pafupifupi 30 pa 100 zilizonse, mabuku a FHA sankasonyeza bwino chifukwa chimene ngongoleyo inathera. Kaya munthu anamwalira, kaya anagulitsa mwa kufuna kwake, kaya anatulutsidwa, mzere wake unali wosamveka. Lipoti lomwelo linati FHA inali isanapite kukayendera makampani osamalira ngongolezi chichokereni chaka cha 2013.

M'chaka chomwecho atolankhani a USA Today anatenga manambala a boma n'kuwayala pa mapu. Anapeza ngongole pafupifupi 100,000 zimene zinathera pa kulanda nyumba, ndipo m'madera okhala anthu akuda ambiri zinkachitika kuwirikiza kasanu n'kamodzi poyerekeza ndi madera a azungu ambiri. Chicago, Philadelphia, Detroit ndi Baltimore inali m'gulu la mizinda yokhudzidwa kwambiri. Manambalawo anali anu. Mapuwo akanatha kujambulidwa ndi undunawu zaka zisanu m'mbuyomo, nyumba zambiri zisanapite. M'madera amenewo nyumba ndi chuma chokhacho chimene banja linakwanitsa kusonkhanitsa, patapita mibadwo imene mabanki ankakana kuwabwereketsa, ndipo ikapita palibe china chosiyira ana.

Ndikupempha kafukufuku chifukwa ndaona kuti akachitika amathandiza. Ku Ohio State University, Stephanie Moulton ndi Donald Haurin pamodzi ndi anzawo anapeza thandizo la ndalama kuchokera ku MacArthur Foundation ndi ku undunawu, n'kutsata mabanja masauzande ambiri amene analandira uphungu wa ngongoleyi pakati pa 2006 ndi 2011. Anaonetsa kuti amene amagwa pa msonkho ndi inshuwalansi angathe kuzindikirika asanasayine: amene anali kale ndi mbiri yovutika kubweza ngongole, amene msonkho wa malo unali wolemera poyerekeza ndi zimene amapeza, ndi amene anatenga ndalama zochuluka tsiku loyamba. Anaonetsanso kuti kusungira munthu ndalama za msonkho kumachepetsa kugwa popanda kutsekera khomo anthu ambiri. Kenako anabwerera kwa ena mwa okalambawo kukawafunsa mmene moyo ukuyendera, amene anatenga ngongoleyo ndi amene anamva uphungu n'kuikana. Ntchito imeneyo ndi imene ndikufuna ipitirire. Vuto lake n'lakuti anthu amene anawatsata anasayina pansi pa malamulo akale, 2013 isanafike. Oyambirira mwa amene anasayina pambuyo pa 2015 tsopano akwanitsa zaka 10 ali m'ngongole, ndipo ino ndi nthawi imene maondo amafooka, mwamuna amamwalira, ndi mutu umayamba kuiwala.

Za kuiwalazi ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi zimene ndimakumana nazo sabata ndi sabata. Chaka chilichonse kampani imatumiza kalata yoti wobwereka asayine kutsimikiza kuti akukhalabe m'nyumbamo. Kwa munthu wa zaka 65 ndi kanthu kakang'ono. Kwa wa zaka 84 amene wayamba kusokoneza masiku, kalatayo imafanana ndi mapepala ena onse otsatsa malonda. Bambo wina ndinawapezera makalata atatu otere pansi pa microwave, osatsegula, lachitatu likuchenjeza kale za kulanda nyumba. Anali m'nyumbamo tsiku lililonse, atakhala pa mpando womwewo. Tinaimba foni, tinatumiza mapepala, zinatheka. Zinatheka chifukwa tsiku limenelo ndinasuntha microwave kuti ndipukute. Uphungu umene lamulo limafuna umachitika kamodzi, munthu asanasayine, nthawi zambiri pa foni, mutu ukadali wakuthwa. Pangano lake limatha zaka 15 kapena 20. Ndikufuna wina ayese mwadongosolo: kuimbira foni okalambawa chaka ndi chaka, kapena kulembetsa m'bale wodalirika woti azilandira nawo makalata, kungapulumutse nyumba zingati, ndipo kungadye ndalama zingati poyerekeza ndi zimene FHA imataya nyumba ikalandidwa?

Pali gulu lina limene limandisowetsa tulo, la amene mumawabweza pakhomo. Kuyeza kwa 2015 kunachepetsa ogwa, ndipo n'zoyamikika. Koma mayi amene wakanidwa chifukwa ndalama zosungira msonkho zameza zonse zimene akanalandira amabwerera kunyumba ndi denga lodontha lomwe lija. Ena amagulitsa kwa anyamata oyenda ndi ndalama m'manja amene amagula nyumba motchipa. Ena amalowa m'makadi a ngongole a chiwongoladzanja chokwera. Ena amasiya kugula mankhwala kapena kuzimitsa chotenthetsa m'nyumba mwezi wa January, ndipo January wa ku Indiana si wocheza naye. Ngati chiwerengero cha ogwa chatsika chifukwa osauka tawasiya kunja kwa mpanda, tiyenera kudziwa zimene zikuwachitikira kunjako tisanadziwombere m'manja.

Ndalama zosungidwa zija nazonso zili ndi polekezera. Zimawerengedwa potengera msonkho ndi inshuwalansi ya tsiku losayina, ndi zaka zimene munthu akuyembekezeka kukhala ndi moyo. Inshuwalansi ya nyumba yakwera kwambiri m'zaka zapitazi, makamaka kumene kukuchitika mphepo zamkuntho ndi moto wolusa, monga Florida ndi California, moti mu 2023 State Farm inasiya kulandira makasitomala atsopano a inshuwalansi ya nyumba ku California. Mitengo ya nyumba ikakwera, thumba la FHA limasangalala, koma msonkho wa malo umakwera nawo, ndipo agogo amene amadalira penshoni ya boma ya Social Security salandira zowonjezera zofanana nazo. Zosungidwazo zikatha, udindo umabwerera kwa mwiniwake, ali ndi zaka 88. Undunawu uli ndi manambala oti ungathe kuonera patali kuti ndi angati adzafika pamenepo, m'chaka chiti, m'boma liti.

Za ana otsala nazonso. Kholo likamwalira, amapatsidwa masiku 30 kuti anene chimene achite, ndi miyezi 6 kuti agulitse kapena alipire, imene ingathe kuonjezedwa kawiri ndi masiku 90. Pa pepala zikuoneka zokwanira. M'mabanja amene kholo silinasiye wilo, kungotsimikiza kukhoti kuti mwini nyumba ndi ndani kumatha miyezi imeneyo. Ndipo m'nyumba zambiri mumakhala mwana wamkulu wolumala, kapena mdzukulu amene anasiya ntchito kuti asamalire agogo. Amenewa alibe chitetezo chimene mkazi kapena mwamuna ali nacho tsopano.

Njira yochitira zonsezi ilipo kale m'nyumba mwanu. Undunawu uli ndi ofesi yake ya kafukufuku, PD&R, ndipo unalumikizapo kale mabuku ake ndi a zaumoyo pofuna kudziwa thanzi la anthu okhala m'nyumba za lendi zothandizidwa ndi boma. Chitani chimodzimodzi ndi HECM. Lumikizani nambala ya ngongole ndi mabuku a Medicare ndi Medicaid, mayina atabisidwa, kuti zioneke ngati wotenga ngongoleyi amachedwa kulowa kumalo osungirako okalamba kusiyana ndi mnzake wofanana naye amene sanatenge, ndiponso zimene zimachitikira thupi la munthu amene walandidwa nyumba. Kafukufuku wamkulu wa okalamba amene University of Michigan yakhala ikuchita kuyambira 1992 ndi ndalama za National Institute on Aging ndi wamtengo wapatali, koma CFPB inapeza kuti otenga ngongoleyi ndi 2 kapena 3 okha pa eni nyumba 100 oyenerera, choncho ukonde waukulu chotero umangokola owerengeka. Pakufunika ukonde wolukidwira nsomba imeneyi.

Mudzafunsa za ndalama. Wobwereka aliyense amalipira FHA 2 peresenti ya mtengo wa nyumba tsiku losayina, ndi theka la peresenti ya ngongole chaka chilichonse. Okalambawa akulipira kale kuti thumba likhale lolimba. Kaya mupatula kachigawo kakang'ono kofanana ndi zimenezo mu bajeti ya PD&R, kaya aphungu mulemba mzere wakewake mu bajeti ya chaka chamawa, zili kwa inu. Changa n'chakuti zisakhale za chaka chimodzi, chifukwa ngongole imene zipatso zake zimaoneka patapita zaka 12 singayezedwe ndi thandizo la miyezi 18. Ndipo ofufuzawo asakhale odya m'mbale ya makampani ogulitsa ngongoleyi, kapenanso a magulu amene anagamula kale kuti ithetsedwe. Zimene apeza ziikidwe poyera, pamodzi ndi manambala ake, kuti wina aliyense wodziwa masamu athe kuwatsutsa.

Nthawi yake ndi ino. Pofika 2030, munthu mmodzi pa asanu alionse m'dziko lino adzakhala ndi zaka 65 kapena kuposa. Akatswiri a za nyumba a ku Harvard anapeza kuti mu 1989 eni nyumba 24 pa 100 a zaka 65 mpaka 79 anali akulipirabe ngongole ya nyumba, ndipo pofika 2022 anali 41. Kwa a zaka 80 kupita m'tsogolo, chiwerengero chinachoka pa 3 kufika pa 31. Anthu akukalamba ndi ngongole, chuma chawo chili m'njerwa ndi matabwa, ndipo wina adzabwera kudzawauza mmene angachitulutsire. Makampani ayamba kale kugulitsa ngongole zawozawo zopanda inshuwalansi ya FHA, zina kuyambira zaka 55, ndipo zimenezo sizilowa n'komwe m'lipoti lanu la November. Mu November 2022 imodzi mwa makampani akuluakulu a ngongoleyi, Reverse Mortgage Funding, inagwa, ndipo Ginnie Mae, bungwe la boma la pansi pa undunawu, inachita kutenga ngongole zake. Msika umenewu si wokhazikika ngati mmene otsatsa a pa TV amaonetsera. CFPB itaonetsa okalamba zotsatsazo mu 2015, ena sanazindikire kuti ndi ngongole, ena ankaganiza kuti ndi thandizo la boma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo si ntchito ya agogo a zaka 75 kung'amba mkuyu uliwonse okha.

Ndimalize ndi za ife obwera, popeza ofufuza akapanda kuuzidwa sadzatiganizira. Ambiri mwa ife tinayamba mochedwa kusonkha ku Social Security, ndipo zimene tikanasunga tinazitumiza kwathu, za fizi, za feteleza, za maliro. Tidzafika zaka 62 tili ndi nyumba ndi penshoni yopyapyala, amene ndi munthu weniweni amene ngongoleyi imamusaka. Loto la pafupifupi aliyense wa ife ndi lakuti akapuma azithawa chisanu, miyezi ingapo ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzimba, kenako n'kubwerera kwa adzukulu kuno. Koma wobwereka akachoka m'nyumba miyezi yoposa 6 pa zifukwa zosakhudza matenda, nyumbayo siionedwanso ngati kwawo kwenikweni, ndipo ngongole ingathe kuitanidwa. Munthu wopita kukadwazika mlongo wake kumudzi sawerenga miyezi. Palinso amene amalandira SSI, thandizo la boma la okalamba ndi olumala osauka, amene saloledwa kusunga zoposa madola 2,000, malire amene sanasinthe chiyambire 1989. Akatapa ndalama za ngongoleyi n'kuzigoneka ku banki mwezi n'kudutsa, thandizo lija lingathe kuimitsidwa. Zonsezi zimanenedwa m'Chingerezi cha maloya, pa foni, kwa munthu amene mwaulemu wa kwathu amangoti "yes, yes" kuopa kuoneka wovuta. A ku Mexico, a ku Vietnam, a ku Ethiopia ndi a ku Haiti amene ndimagwira nawo ntchito amasimba zofanana. Kafukufuku amene mudzalipire afunse anthu m'zilankhulo zawo, ndipo alembe kumene anabadwira.

Envelopu yanga inafika mwezi watha, ya mtundu wabuluu, yokhala ndi chithunzi cha agogo awiri akuseka pakhonde. Chaka chamawa ndikwanitsa zaka 62. Amuna anga ndi ocheperapo kwa ine ndi zaka zitatu, bondo langa lamanzere layamba kudandaula pa masitepe, ndipo ng'anjo yotenthetsa nyumba yathu ndi ya m'ma 1990. Sindinaitaye envelopuyo, ili pamwamba pa firiji. Tsiku limene ndidzaimbire mlangizi wovomerezeka ndi undunawu, ndidzamufunsa kuti: pa amayi 100 onga ine, a nyumba ya mtengo wonga wa yanga ndi penshoni yonga yanga, amene anasayina zaka 10 zapitazo, ndi angati akadali m'nyumba zawo, ndi angati anachoka mwa kufuna kwawo, ndipo otsalawo ali kuti? Ndikupempha kuti pofika tsiku limenelo mukhale mutalipira anthu oti ayambe kumusonkhanitsira yankho.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi wosamalira okalamba, kumpoto kwa Indiana